MALEMU MBUSA CHARLES CHIDONGO CHINULA (1885-1970), MPEKI WA NYIMBO WA KU LOUDON

Anzanga ophunzira akale, tonse amene tinadutsa pa sukulu yathu ija ya pa Embangweni tinayimbako nyimbo za m'buku la Sumu za Ukhristu, kaya pa mapemphero a m'mawa, kaya m'tchalitchi chachikulu cha Loudon tsiku la Sabata. Koma ndikamafunsa anzanga kuti kodi nyimbo zimenezi anapeka ndani, ambiri amangoti ndi azungu a mishoni. Yankho limeneli ndi loona pa nyimbo zina zokha. M'bukuli muli nyimbo zoposa 100 zimene zinapekedwa ndi anthu akuda a kumpoto konkuno, ndipo 21 mwa izo ndi za munthu mmodzi, malemu Mbusa Charles Chidongo Chinula. Bambo ameneyu anaphunzitsa ana pa bwalo lomwelo limene ife tinkapondapo, motero ndaona kuti ndi bwino kuti m'kalata yathu ino ndikufotokozereni mbiri yawo, zokoma ndi zowawa zomwe.

Ine kwathu ndi m'chigawo chapakati, ndipo pamene ndinasankhidwa kukaphunzira ku Mzimba sindinkadziwa Chitumbuka ngakhale pang'ono. Chilankhulochi ndinayamba kuchitola m'nyimbo, ndipo ndinazindikira msanga kuti nyimbo zina zinkalowa m'mutu tsiku limodzi pomwe zina zinkavuta chaka chathunthu. Chifukwa chake ndinachidziwa nditakula, ndipo ndichifotokoza m'munsimu.

Ubwana ndi maphunziro

A Chinula anabadwa m'chaka cha 1885 m'dziko la Angoni a M'mbelwa, lomwe lero ndi boma la Mzimba. Nthawi imeneyo boma la atsamunda linali lisanafike kumeneko. Angoni anali akudzilamulira okha, ndipo mnyamata aliyense ankakula akudziwa kuti ulemu wa mwamuna uli pa chishango, mkondo ndi ng'ombe. Mishoni ya Livingstonia inali itangoponda kumene m'dzikomo. William Koyi, mlaliki wa mtundu wa Axhosa wochokera ku Lovedale ku South Africa, anatsegula malo a Njuyu m'chaka cha 1882, ndipo Dr. Walter Elmslie anamupeza kumeneko m'chaka cha 1885. Akhristu oyamba a m'dziko la Angoni, Mawelera Tembo ndi m'bale wake Makara Tembo, anabatizidwa m'chaka cha 1890, a Chinula ali mwana wa zaka zisanu. Tingathe kunena kuti iwo ndi mpingo wa kwa Angoni anakulira limodzi.

Atayamba maphunziro m'sukulu za mishoni za kwawo, anapita ku Khondowe, ku sukulu yaikulu ya Overtoun Institution imene Dr. Robert Laws anayambitsa m'chaka cha 1894. Masiku amenewo sukuluyi inali pamwamba pa sukulu zonse m'dziko muno, ndipo inkalandira ophunzira ochokera ngakhale kunja kwa Nyasaland. Kumeneko ankaphunzitsa Chingerezi, masamu, Baibulo, uphunzitsi ndi ntchito zamanja. Nyimbo ankaphunzitsa mwa njira ya solofa, ija ya do, re, mi, imene imathandiza munthu kulemba ndi kuwerenga mayimbidwe popanda limba. A Chinula anatuluka ku Khondowe ali mphunzitsi, ndipo pofika chaka cha 1908 anali akuphunzitsa pa Loudon.

Loudon ya Donald Fraser

Kuti timvetse nyimbo za a Chinula tiyenera kudziwa malo amene anafikirawo. Mishoni ya Loudon inatsegulidwa m'chaka cha 1902 m'dera la Inkosi Mzukuzuku ndi Mbusa Donald Fraser, amene Angoni anamupatsa dzina loti Chisekeseke kaamba ka nsangala zake. Mkazi wake, Dr. Agnes Fraser, anali dokotala, ndipo ntchito ya chipatala pa Embangweni inayamba m'masiku awo. Patangopita zaka ziwiri, m'chaka cha 1904, mafumu a Angoni anakumana ndi Bwanamkubwa Alfred Sharpe ndi kuvomera kulowa pansi pa boma la Britain popanda kuwombana mfuti. Nkhondo zinatha, koma nyimbo za nkhondo, za ukwati ndi za maliro zinatsala m'kamwa mwa anthu.

Fraser anali wosiyana ndi amishoni anzake ambiri. Iye ankakhulupirira kuti munthu wakuda sayenera kuvula chikhalidwe chake chonse pakhomo la tchalitchi. Anayambitsa misonkhano ikuluikulu ya misasa, woyamba unachitikira ku Ekwendeni m'chaka cha 1898, kumene anthu zikwizikwi ankagona m'misasa masiku angapo akumva Mawu, kubatizidwa ndi kudya Mgonero. Pa Loudon anawonjezera mpikisano wa nyimbo. Aphunzitsi a m'sukulu za m'midzi ankabwera ndi ana awo kudzayimba nyimbo zatsopano zimene anapeka okha, ndipo zimene zakoma zinkafalikira m'midzi yonse anthu akamabwerera kwawo. Zina mwa izo pambuyo pake zinalowa m'mabuku a nyimbo a Chingoni ndi a Chitumbuka.

M'bwalo limeneli munatuluka akatswiri angapo: Mawelera Tembo uja, Peter Thole, Jonathan Chirwa, ndi a Chinula. Si onse mu mpingo amene ankakondwera nazo. Amishoni ena pamodzi ndi akulu a mpingo ena achikuda ankati magule onse ndi achikunja ndipo Mkhristu sayenera kuyandikirako. A Chinula sanagwirizane ndi maganizo amenewa kuyambira ali mnyamata. Olemba mbiri ya mishoni ya Livingstonia amasimba kuti ali mphunzitsi pa Loudon ankalimbikitsa ana a sukulu mwakabisira kuti azivina nawo magule amene mpingo unkaletsa. Apa tikuona kale mtima umene unadzawapatsa nyimbo zokoma, ndiponso umene unadzawayambanitsa ndi akuluakulu a mpingo.

Chinsinsi cha nyimbo zawo

Tsono ndibwerere ku funso lija la nyimbo zolowa msanga m'mutu. Mawu a Chitumbuka, monganso a Chichewa, amathera ndi lembo la liwu, ndipo polankhula timalemetsa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Yesani kutchula mawu oti Chiuta kapena Mulungu, mumva pamene liwu likutsamira. Nyimbo zambiri za ku Scotland ndi ku England zimathera mzere ndi kugunda kwamphamvu pa phatikizo lomaliza, chifukwa Chingerezi chimalola zimenezo. Amishoni pomasulira nyimbo zawo ankasunga mayimbidwe a kwawo ndi kukakamiza mawu athu kuti alowemo. Mapeto ake ankadula malembo kumapeto kwa mawu, kapena woyimba ankalemetsa phatikizo lolakwika, mwakuti gogo wa kumudzi ankayimba mawu a chilankhulo chake chomwe ngati mlendo.

A Chinula ndi anzawo anayambira mbali inayo. Iwo ankatenga kayimbidwe kamene anthu anabadwa nako, ka ingoma, ka mthimba wa pa ukwati ndi ka nyimbo zina za pamudzi, ndipo mawu a Uthenga ankawaluka motsatira kalankhulidwe ka anthu. Ingoma ya Angoni a ku Mzimba siyidalira ng'oma. Amuna amaponda pansi mwamphamvu atanyamula zishango ndi zibonga, amayi akuwomba m'manja ndi kuvomera nyimbo. Kugunda kwa nyimbo kumakhala m'thupi mwa oyimbawo. Ndi chifukwa chake nyimbo zambiri za gulu limeneli zili ndi wotsogolera amene amaponya mzere, mpingo wonse n'kuvomera, kawirikawiri wotsogolerayo asanatsirize n'komwe. Mawu amakhala ochepa ndi obwerezabwereza, kotero kuti munthu wosadziwa kuwerenga amayimba nawo kuyambira ndime yachiwiri.

Masiku ano tikamva za munthu wopeka nyimbo zapamwamba timaganiza za mzungu wokhala pa piyano atayala mapepala a manotsi. Nyimbo za a Chinula sizisowa piyano kapena limba. Chida chawo chinali mpingo wa anthu mazanamazana, amuna mbali iyi amayi mbali iyo, ndipo ankadziwa bwino liwu limene chida chimenechi chimatulutsa. Luso lotere si lochepa. Kupeka nyimbo imene ana a sukulu, agogo ndi abusa ophunzira angayimbe limodzi kwa zaka pafupifupi 100 osatopa nayo ndi ntchito imene ophunzira nyimbo ambiri a m'makoleji sanaikwanitse.

Nyimbo yawo yodziwika koposa ndi ija yonena za Mwanawankhosa wa Mulungu, imene timayimba kwambiri pa nyengo yokumbukira masautso a Ambuye. Ine ndikaimva ndimaona kuti mpekiyo akulozera anthu chinthu chimene chikuchitika pamaso pawo, monga m'mene munthu amaitanira anzake pamudzi kuti adzaone zimene zagwa. Nyimboyi inawoloka nyanja. Mayi Helen Taylor, amene anagwira ntchito ndi mishoni ya Livingstonia, anamasulira nyimbo za kuno m'Chingerezi m'kabuku kotchedwa Tunes from Nyasaland ka m'chaka cha 1959, ndipo pambuyo pake Mbusa Tom Colvin, amene anatumikira mu Sinodi ya Blantyre, anafalitsa nyimbo zina za ku Malawi m'mabuku ake. Lero nyimbo ya a Chinula ija ikupezeka m'mabuku angapo a nyimbo a maiko akunja, ndipo buku la nyimbo la Church of Scotland la m'chaka cha 2005 lili ndi nyimbo zochokera ku Malawi. Adzukulu a anthu amene anatibweretsera nyimbo zawo tsopano akuyimba zathu.

Ubusa ndi kugwa

Mishoni ya Livingstonia inkachedwa kwambiri kudzoza anthu akuda. Abusa oyamba, Yesaya Zerenje Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa, anadzozedwa m'chaka cha 1914, patatha zaka 39 chifikire mishoniyo m'dziko muno. A Chinula anadzozedwa m'chaka cha 1925 ali ndi zaka 40, patangotha chaka chimodzi mpingo wa CCAP utakhazikitsidwa. M'chaka chomwecho Fraser anachoka pa Loudon kubwerera ku Scotland.

Ubusa wawo mu mpingowu unatha zaka zisanu zokha. M'chaka cha 1930 bwalo la mpingo linawachotsa pa ubusa pa mlandu wa chigololo. Nkhaniyi sindikuilemba pofuna kunyoza malemu, ndipo sindingaibise, chifukwa mbiri yobisa zipsera siphunzitsa munthu. Analakwa, ndipo chilango anachilandira. M'chaka cha 1932 anabwezeredwa mu mpingo ngati Mkhristu wamba, koma khomo la ubusa linakhalabe lotseka.

Apa ndi pamene panagona nkhani. Mbusa Jonathan Chirwa, mnzawo wa pa Loudon pomwepo, anagwa m'tchimo lofanana m'chaka cha 1918, koma anabwezeredwa pa ubusa m'chaka cha 1924, Fraser ndi Akhristu a kwa Angoni atamuchonderera kwambiri. Chirwa anatumikira mokhulupirika mpaka imfa yake m'chaka cha 1936, ndipo manda ake ali pa Embangweni pafupi ndi pamene anaika phulusa la Fraser. A Chinula ankaidziwa bwino nkhani imeneyi. Koma pa nthawi yawo Fraser kunalibe, ndipo anamwalira m'chaka cha 1933. Munthu angathe kumvetsa m'mene mtima wawo unkawawira poona kuti chifundo chimene mnzawo analandira iwo sichikuwafika.

Chodabwitsa ndi chakuti m'chaka chomwecho cha 1932, ali pansi pa manyazi, m'pamene linatuluka buku limene anamasulira m'Chitumbuka, la John Bunyan lotchedwa The Pilgrim's Progress, lija timalidziwa m'Chichewa kuti Ulendo wa Mkhristu. Ndi nkhani ya munthu wosenza katundu wolemera kumsana, amene amagwa m'thope, kusokera njira, kutsekeredwa m'ndende, koma osaleka ulendo. Sindikayika kuti womasulirayo ankadziona yekha m'masamba amenewo.

Sazu ndi mpingo wa anthu akuda

M'chaka cha 1934 a Chinula anatuluka mu mpingo wa mishoni ndi kuyambitsa wawo umene anautcha Eklesia Lanangwa, kutanthauza mpingo wa ufulu. Dzinali lokha likutiuza chimene chinkawasautsa. Sanali okha pa njira imeneyi. Mbusa Yesaya Zerenje Mwasi anali atatuluka kale m'chaka cha 1933 ku dera la Atonga, ndipo Mbusa Yafet Mkandawire anali atayambitsa mpingo wake kumpoto kwenikweni. Onsewa anali ophunzira a Livingstonia, anthu anzeru amene anatopa ndi kuyang'aniridwa ngati ana ndi amishoni achinyamata ongofika kumene. M'chaka cha 1935 atatuwa anaphatikiza mipingo yawo ndi kupanga Mpingo wa Afipa wa mu Africa, ndiye kuti mpingo wa anthu akuda.

Likulu la ntchito ya a Chinula linali ku Sazu, m'boma lomweli la Mzimba. Kumeneko mtima wa uphunzitsi sunawachoke. Anatsegula sukulu zawozawo, pokhulupirira kuti munthu wakuda angathe kuyendetsa maphunziro a ana ake popanda kudikira mzungu. Tikumbukire kuti zaka zimenezo zinali za mavuto a zachuma pa dziko lonse, ndalama za mishoni zochokera ku Scotland zinali zitachepa, ndipo amuna ambiri a ku Mzimba anali ku Salisbury ndi ku Joni kukasaka ndalama ya msonkho. Kuyendetsa sukulu m'nyengo yotere, popanda mishoni kumbuyo, kunkafuna munthu wolimba mtima.

Chimene chimandikhudza ine ndi ichi: zaka zonse zimene a Chinula anali kunja, mpingo umene unawachotsa sunaleke kuyimba nyimbo zawo. Munthu anamutsekera pa guwa, koma mawu ake ankamveka Sabata ndi Sabata kuchokera m'mabenchi.

Mtsogoleri wa anthu

A Chinula sanali munthu wa m'tchalitchi mokha. Anali mlembi wa bungwe la Mombera Native Association limene linayamba m'chaka cha 1920, potsatira chitsanzo cha North Nyasa Native Association ya m'chaka cha 1912. Mawu oti Mombera ndi m'mene azungu ankalembera dzina la M'mbelwa. Nkhani yaikulu ya bungweli inali ufumu wa Angoni. M'chaka cha 1915 boma la atsamunda linachotsa Inkosi Chimtunga ndi kuipititsa ku ukapolo kummwera, chifukwa inakana kupereka anthu ake kuti akakhale amtengatenga pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Bungweli linalimbikira kulemba makalata ndi kudandaula kuboma kuti ulemu wa ufumuwo ubwerere. Chimtunga anamwalira m'chaka cha 1924, ndipo m'kupita kwa nthawi mwana wake Lazaro Jere anavomerezedwa kukhala Inkosi ya Makosi M'mbelwa II. A Chinula anali mmodzi wa alangizi a mfumuyi, ndipo cholembera chawo chinagwira ntchito yaikulu pa nkhondo imeneyi yopanda mikondo.

Mabungwe a m'maboma aja ataphatikizana m'chaka cha 1944 ndi kupanga Nyasaland African Congress, pulezidenti woyamba anali Levi Mumba, mwana mnzawo wa Livingstonia, ndipo a Chinula anadzakhala wachiwiri kwa pulezidenti wa chipanichi m'zaka za m'ma 1940. Ndale zitatentha m'zaka za chitaganya, utsogoleri unapita m'manja mwa achinyamata, ndipo maina a akuluakulu oyamba aja anayamba kuiwalika. Komabe amene anayala maziko ndi iwowo.

Kubwerera kwawo

M'chaka cha 1967, ali nkhalamba ya zaka 82, a Chinula anabwerera mu mpingo wa CCAP. Pa nthawiyi zambiri zimene ankamenyera zinali zitachitika. Sinodi ya Livingstonia inali itayamba kudziyendetsa yokha kuchokera m'chaka cha 1956, ndipo dziko linali litalandira ufulu m'chaka cha 1964. Anamwalira m'chaka cha 1970, ali m'nyumba imene anakuliramo.

Zaka ziwiri iwo asanamwalire, m'chaka cha 1968, Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu, ndipo chinabwerera pa wailesi m'chaka cha 1994. Pa zaka zonsezo malo amodzi amene chilankhulochi chinkamveka poyera ndi mokweza anali m'tchalitchi, ndipo Sumu za Ukhristu linali buku la Chitumbuka lopezeka pafupifupi m'nyumba iliyonse ya Mkhristu wa CCAP kumpoto. Motero opeka nyimbo aja anasunga chilankhulo cha anthu awo m'njira imene iwo eni sakanailota. Malemu D.D. Phiri, mlembi wotchuka wochokera ku Mzimba konkuno, anaona kufunika kwa bamboyu ndipo analemba kabuku ka mbiri yawo m'chaka cha 1975, m'gulu la mabuku ake lotchedwa Malawians to Remember.

Pempho langa kwa inu

Anzanga, nyimbozi zili pa ngozi imene ambiri sitikuiona. Makwaya a masiku ano akuziyimba ndi kiyibodi, ndipo makinawo ali ndi kugunda kwake kosasintha kumene kumathamangitsa nyimbo ndi kuiwongola ngati msewu. Wotsogolera sapezanso mpata woponya mzere mwaufulu, ndipo kuvomera kuja kolowerana kukutha. Sindikudana ndi zida zamakono, ana athu aziyimba nazo ndithu. Koma buku limasunga mawu okha, pomwe kayimbidwe kenikeni kali m'makosi mwa agogo a ku Embangweni, ku Edingeni, ku Ephangweni ndi midzi yozungulira, amene anaphunzira kwa anthu amene anamva a Chinula eni ake akuyimba. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma agogo amenewa akutha chaka ndi chaka.

Choncho ndikupempha komiti yathu kuti pa msonkhano wapachaka ukubwerawu tikambirane zinthu zitatu. Choyamba, titume ana a kwaya ya sukulu yathu pamodzi ndi mphunzitsi wawo kuti pa tchuthi akayendere agogo oyimba ndi kujambula mawu awo. Lero foni ya m'manja ikukwana pa ntchito imeneyi, chofunika ndi ndalama ya mayendedwe basi. Chachiwiri, tigulire laibulale ya sukulu mabuku a Sumu za Ukhristu okwanira, ndipo amene ali ndi kabuku ka D.D. Phiri kaja m'nyumba mwake atibwereke kuti ana akawerenge. Chachitatu, tiike kamphatso ka chaka ndi chaka kwa wophunzira amene wapeka nyimbo yatsopano m'chilankhulo chake ndi m'kayimbidwe ka kwawo, kaya ndi Mtumbuka, Mngoni, Mtonga, Mchewa kapena Myao. Mpikisano wotere ndi umene unatulutsa a Chinula pa malo omwewa, ndipo sindikhulupirira kuti luso limenelo linatha m'dziko la Mzimba.

Mutu umodzi susenza denga. Amene muli ndi maganizo pa nkhaniyi, kapena amene makolo anu anaphunzira ku Sazu ndipo anakusimbiraniko za bamboyu, lemberani mkonzi wa kalata ino kuti zimene mukudziwazo tizisunge pamodzi.

Ndine mnzanu,
Wophunzira wakale, Lilongwe